Chithumwa cha M'munda wa Kachewere

Panali chinthu chimene Iolanda sanauzepo munthu. Chithumwa chimene Mneneri Atanásio anafukula m'munda wa kachewere wa a Bonifácio, nsalu yake iye ankaidziwa. Inali ya siketi yake yobiriwira, imene inamuchepera atamaliza sétima, kalasi yachisanu ndi chiwiri. Kasokedwenso ankakadziwa. Amayi ake, a Celestina, amabwereza ulusi kawiri m'makona.

Mpingo wonse wa ku Ntengo-Wambalame unaona ndi maso. Mneneri anayenda m'mizere atatsinzina, anaima, naloza pansi. Khasu litangolowa, chithumwa chinatuluka. A Bonifácio anati n'chifukwa chake kachewere wawo amawola chaka ndi chaka. Maso a anthu anatembenukira kwa a Doroteia, mayi wamasiye amene amalima nawo malire. Mneneri anati Lamlungu adzatchula dzina la mfitiyo.

Lachiwiri Iolanda anawaona amayi ake kuseri kwa khola akusoka chithumwa china, akulongamo phulusa ndi ubweya wa mbuzi. Amayi omwewo amene amayambitsa nyimbo m'tchalitchi, amene amachapa mikanjo ya Mneneri ndi kumuphikira. Anafuna kuwafunsa, koma anangobwerera. Lamulo lina limati lemekeza amako, lina limati usanamizire mnzako. Onse awiri anawaloweza ali mwana, koma palibe anamuuzapo chochita akayamba kulimbana m'chifuwa chimodzi.

A Doroteia anasiya kupita kumjigo. Ana anayamba kugenda denga lawo. Iolanda akakumana nawo panjira ankayang'ana kutchire. Ankamveranso chisoni Mneneri, munthu wa Mulungu amene ankadya za m'manja mwa mfiti osadziwa.

Loweruka Iolanda anamupeza Mneneri kuseri kwa tchalitchi akupukuta njinga yake yamoto. Sabata yamawa amayenera kupita ku Chidzolomondo, kumene anthu anamuitana kuti akawayeretsere minda. Iolanda anagwada, maso pansi. Anadziwa kuti akatsegula pakamwa, kunyumba kwawo sikudzakhalanso kwawo.

"Abambo, a Doroteia alibe mlandu. Chithumwa chija anasoka ndi amayi anga."

Mneneri sanasiye kupukuta.

"Ndiwe wa a Celestina eti? Wabwera bwino, mwana wanga," anatero. "Ukawauze kuti za ku Chidzolomondo asokere nsalu yofiira. Yobiriwira ija anthu a kumbuyo sanaione bwino."