Mavoti Awiri a Bambo Pavlich

"Mwabweranso kudzaluza, a Pavlich?" anakuwa a Glenys uku akugawa timapepala ta chipani chofiira pageti la sukulu yovotera.

"Chaka chino ndiluza mwaulemu," anayankha mkuluyo.

Kkkk abale, bambo awa! Aka kanali ka seveni kuima paokha, opanda chipani, kulimbirana mpando wa Kerrinvale ku nyumba ya malamulo ya chigawo cha Victoria. Mpandowo wapita kwa ofiira, kwa abuluu, n'kubwereranso kwa ofiira, koma pasukulu iyi a Pavlich amapeza mavoti awiri basi. Yawo ndi ya akazi awo, a Noreen.

Koma a Noreen anamwalira mu Juni. Ndiye atavota anagula soseji imodzi yokha, n'kukadyera pansi pa chithunzi chawo chomwe chakampeni. Kuluza sankaopa ayi. Ankaopa kuona nambala 1 itaima yokhayokha ngati iwowo.

M'mawa mwake akumasula zithunzi pampanda, anatsegula foni kuona zotsatira za pasukulupo. Pavlich: 2.

"Alakwitsa awa," anatero. "Noreen wanga kulibe."

A Glenys, amene ankamasulanso zachipani chawo, anayang'ana kumbali. "Sanalakwitse. Ine ndimakuvoterani kuyambira 1999, mumandimvetsa chisoni. Musakauze anzanga, angandidye wamoyo!"

A Pavlich anaseka mpaka kutsokomola. Kenako kuseka kuja kunangoti zii. Anayamba kuwerenga ndi zala. Iwo, chala chimodzi. A Glenys, chachiwiri. Chachitatu anangochiyang'ana.

"Nanga Noreen zaka zonsezi?"

"Eee," anatero a Glenys, "tandigwirirani chingwechi kaye."