Foni Itathima pa Maliro a ku Phalula

Panali munthu wina ku Balaka, a Cephas, mphunzitsi wodzimva utauni. Mwana wawo Kevin ankakonda kupinda magalimoto a mawaya ndi kuumba ng'ombe zadothi, koma bambo ake zinkawanyansa. Tsiku lina anasesa zonsezo n'kukataya kudzala, n'kumugulira foni ya magemu.

Akazi awo, a Ophelia, anadandaula. "Bambo a Kevin, foni tsiku lonse iyayi. Mwana azituluka, azida ndi fumbi."

"Wakhala phee, sakuvuta. Vuto lili pati?" anatero a Cephas.

Panatha zaka ziwiri mwana ali weramu pasofa. Anzake anatopa n'kumuitana pageti.

Kenaka kumudzi, mkati mwa Phalula, kunagwa maliro, ndipo anapita onse atatu. Kumeneko kulibe magetsi, moti pofika masana foni inathima. Pamaliro abambo amakhala kwaokha, amayi kwaokha. A Cephas ankati mwana ali ndi mayi ake, mayi akenso ankati ali ndi bambo ake.

Pobwera kumanda, Kevin kulibe.

A Cephas anayamba kumufunafuna. Anathamangira kuseri kwa nyumba, komwe ana a m'mudzi ankasoka mpira wa mapepala, n'kuwafunsa za Kevin.

"Wa kutauni uja? Tinamuitana, anangoima n'kumatiyang'ana. Kenaka anafunsa kotchajira foni, tinamulozera kumsewu."

Kumsewu wake M1, komwe mathiraki samayang'ana nkhope! A Ophelia anayamba kulira maliro achiwiri. A Cephas analanda njinga ya munthu n'kupalasa, akufunsa aliyense wokumana naye.

Anamupeza patatha ola, atagwiridwa dzanja ndi mayi wina wogulitsa tomato. Mayiyo anati, "Mwana wanuyu? Ndamukoka pakati pa tala, lole ikubwera."

A Cephas anagwada pafumbi n'kumukumbatira. "Iwe, anzako onse aja, bwanji sunasewere nawo?"

Kevin anayang'ana pansi. "Adadi, anandipatsa chingwe kuti ndimange mpira. Sindinadziwe pogwira. Ndinachita manyazi."

Bambo wamkulu, mphunzitsi wa ana a eni, analira pamsewu anthu akuona.

Phunziro: Mwana wongokhala phee ndi foni si ndiye kuti ali bwino. Muikireni nthawi ya magemu, nthawi yotsalayo aumbe, asoke, apinde mawaya ndi anzake. Zovala zikada zimachapika. Tumizirani makolo anzanu nkhaniyi, asadzamve nkhwangwa ili m'mutu.