Pepala la a Mathew

Sellah analigwira pepalalo ndi zala ziwiri ngati thewera la mwana wa eni. Linali lachikasu, lonunkha utsi, lolembedwa ndi taipi yamakedzana. Pamwamba panali mawu akuti CV ya Mathew Namakhwa.

Amene anabwera nalo m'kashopu kake kotaipa makalata pa boma la Thyolo anali mayi wachikulire, a Anesi, zala zawo zong'alukang'aluka ndi ntchito yothyola tiyi.

"Ndi la achimwene anga, mwanangu. Mundilembere bwino pamakina anuwo. Mawa likawerengedwa pamaso pa mabwana a ku esiteti, ndiye asakachite manyazi. Chifukwatu iwowo..."

"Ndamva, amayi. Khalani apo."

Sellah sanapite ku koleji ku Blantyre kuti azidzauzidwa zochita ndi anthu a dengu kumsana. Ankawadziwa bwino. Akamva kuti ku esiteti kwatuluka ntchito, amakafukula mapepala pansi pa mphasa, n'kumaganiza kuti bwana ali ndi tsiku lonse lowerenga za makolo awo. Ndiye mkuluyu, wobadwa mu 1961, akufunanso ntchito! Ngakhale kubwera yekha walephera, wachita kutuma mlongo wake. Sellah anatsonya chamumtima, n'kutenga cholembera chofiira.

Chaka chobadwa anachikhwatcha, poti palibe bwana amalemba ntchito nkhalamba akuona. Mudzi wa ku Kapichi, khwatchu. Sukulu yolekezera Sitandade 6, imeneyonso n'kudzitama nayo? Kuthyola tiyi kuyambira 1979 mpaka 1986, khwatchu. Ndani ku Thyolo kuno sanathyolepo tiyi? Ukapitawo wa zaka khumi ndi ziwiri unamuseketsa. Ntchito yoima pamthunzi n'kumakalipira anzako, kenaka n'kuilemba pa CV ngati udokotala.

"Za chilala zija zilipo?" anafunsa a Anesi. "Chaka chimenecho anapulumutsa nazale yonse, madzi kusenza pamutu kuchokera kudambo. Bwana wamkulu anawagwira chanza."

"Zimenezo ndi za 1992, amayi. Ine ndinali ndisanabadwe. Masiku ano timangoika zatsopano."

"Oho. Mukudziwa ndinu ophunzira."

Ndipo ankadziwadi, kapena tinene kuti ankadziona choncho. Cholembera chinapitiriza kudya. Udikoni wa ku mpingo wa Sabata unapita. Kuimba besi m'kwaya kunapita. Mkazi mmodzi, ana asanu ndi awiri, ana amasiye atatu a mng'ono wake amene anawalera, zonse zinapita. Kodi bwana akufuna wantchito kapena kalembera wa mbumba? Mboni zake zinali mzungu amene anabwerera kwawo kalekale ndi m'busa wina amene dzina lake linafufutika ndi dontho la mvula.

Kunena zoona, Sellah anamva kukoma. Palibe chinkamusangalatsa ngati kusesa zinyalala za anthu osadziwa zinthu. Masamba awiri odzaza anawafinya mpaka panatsala dzina, ulonda wa pafakitale wa zaka zisanu ndi zitatu zomaliza, ndi zilankhulo ziwiri, Chichewa ndi Chilomwe. Makina anakhosomola, n'kulavula pepala loyera mbee, la mizere isanu.

"Lakongola," anatero a Anesi, akupukuta manja pachitenje asanalikhudze. Kuwerenga sankatha, anangolisisita.

"Chatsala n'chimodzi," anatero Sellah, maso ali pakompyuta. "Nambala ya foni ya abambowa. Mabwanawo akawafuna akawaimbira pati?"

A Anesi anamubwezera pepala loyeralo.

"Kuwaimbira? Mwanangu, achimwene atisiya dzulo. Imeneyi ndi mbiri yawo, abusa akaiwerenga kumanda mawa. Tawerengani mokweza, ndimve ngati moyo wawo wonse walowamo."