Mwala Wogwedera

Mwala wapansi pa mpanda wa m'malire a munda unazuka mosavuta, ngati dzino logwedera kale. Nho Bentu, bambo wolima mphesa, anagwada n'kusuzumira pabowopo. Mbali inayo, m'phulusa lakuda la phiri lophulika moto la Fogo, munayanga mpesa wa Nha Zulmira, mayi wamasiye amene mphesa zake zinkazuna mpaka njuchi kumenyanirana.

Za Nho Bentu zinali nkhani ina. Chaka chilichonse ankayamba ndiwo kukolola, anzawo asananole n'komwe mipeni, ndipo ankayenda chotukumula nazo. Koma vinyo wawo anthu ankamutcha mankhwala a njoka za m'mimba. Tsiku lina atatopa ndi kusekedwa, anagwira ndevu zawo zimene anaziweta zaka makumi atatu, n'kulumbira pagulu:

"Zaka ziwiri zokha. Mukadzapanda kunyambita makapu, mudzandimete izi!"

"Lumo ndibweretsa ndine, aneba," anatero Nha Zulmira. "Lomwe lija ndimatengulira mpesa."

Kanthambi kobzala Nho Bentu anapemphapo, ndithu. Mayiwo anangoseka. "Mpesa si fodya wopemphana panjira."

Ndiye Lamulungu limene anazula mwala uja, belu la tchalitchi litameza mudzi wonse, Nho Bentu anazula chimpesa chakale chimene bambo awo anabzala m'mbali mwa mpanda. Chowawasa chija, chosayamika chija. Anapisa dzanja pabowo, n'kukoka nthambi yaitali ya mpesa wa aneba, n'kuikwirira m'dzenje lomwelo, nsonga yokha ili kunja. Mpesa ulibe khalidwe: pamene wagona ndi pamene umamera mizu. Itagwira, anaidula kumbali ya mwiniwake, mwala n'kubwezera pamalo. Wakuba wanzeru amatseka chitseko.

Zaka ziwiri anausamala ngati mwana wobadwa paukalamba. Utabereka, anakolola mudzi wonse usanayambe, monga mwa masiku onse. Anaponda mphesazo okha, vinyo anawira, n'kuitana anthu.

Makapu anakwera kukamwa. Nkhope zinakwinyika imodziimodzi ngati matumba opanda kanthu. Wina anatembenuka n'kuthirira maluwa ndi vinyoyo.

Nha Zulmira anatulutsa lumo m'thumba la epuloni.

"Sizingatheke!" anakuwa Nho Bentu, manja ali pandevu. "Mpesawu ndi wanu womwe uja! Ndinaukoka ndekha pansi pa mpanda, inu muli kutchalitchi!"

Anthu anayang'anana. Munthu kudziulula yekha, wopanda womufunsa.

"Ndinaona nditabwerako, aneba, ndipo ndinati mwana wabwerera kwawo," anatero mayiwo akupukuta lumolo. "Mwala uja mukuyesa anaugwedeza ndani? Nthambi ya mpesa wa bambo anu, womwe munazula uja, ndinaikokera pabowo lomwelo ndili mtsikana. Kungoti ine ndimadikira kuti zipse. Khalani pansi, kwezani chibwano."