Yemwe Analiza Injini

"Achimwene, ndapota nanu, dzandithandizeni," Macfussy ananong'ona, thukuta lili kamukamu.

Walije, mlonda pachionetsero cha makina akale chomwe chimachitika chaka ndi chaka mumzinda wa Doha, kudziko la Aluya, sanasunthe pachingwe chotchingira anthu.

"Lero ndakhala achimwene? Suja dzulo ku Bin Omran unkanditcha galu wa pageti?"

Macfussy anali dalaivala, koma ananamiza bwana wake kuti ndi makaniko. Tsopano injini yadizilo ya bwanayo, yoliza popukusa ndi manja, inali itakana pamaso pa khamu lonse. Walije ankaidziwa bwino, chifukwa inali chimodzimodzi ndi ya chigayo cha ku Mitundu komwe anagwira zaka zisanu ndi ziwiri.

"Yallah, fulumira, Macfussy!" bwanayo anakalipa.

Macfussy anapukusanso mwaukali, injini n'kumangotsokomola. Walije mtima unamuwawa, osati chifukwa cha munthuyo ayi, koma chitsulocho. Bwana atatembenuka kuyankha foni, iye anadumpha chingwe, n'kukweza kachitsulo kotulutsira mpweya, n'kupukusa mpaka gudumu litathamanga, kenako n'kukagwetsa. Thu! Thu! Thu! Utsi wakuda unati tolotolo, anthu n'kuwomba m'manja.

Bwana anacheuka, n'kupeza anthu awiri painjini yake.

"Uyu akutani muno?"

Macfussy anapukuta manja mwachifatse. "Ndamuuza, bwana, kuti no touching. Alonda enawa samva."

"Khalas, ntchito yatha," anatero supavaiza wa alonda kwa Walije. "Bweretsa ID."

Walije anatuluka pageti injini ikulirabe kumbuyo kwake, osaphonya ngakhale kamodzi.