Fodya wa a Lyton

Asimenye anakhuthulira patebulo la kukhitchini zonse za m'matumba a jekete la amuna ake. Munatuluka tikiti ya basi, maswiti awiri ndi kalata ya kuchipatala. Ndudu munalibe.

"Mwabisa kuti?"

A Lyton anatsokomola nthawi yaitali atagwirira sinki. "Sindinasutepo fodya ine, mayi."

"Ndiye khansa ya m'mapapo mwaitola mumsewu? Zaka khumi ndi zisanu ndikusamalira okalamba muno mu Bradford, odwala mapapo ndimawadziwa. Onse ndi a fodya. Inu kutchalitchi n'kumakhala kutsogolo, Baibulo m'manja!"

Chitulukireni zotsatira za kuchipatala, Asimenye anali atafufuza m'galimoto, m'nsapato, mpaka m'bini. Anali atauza kale abusa, ndi alongo awo a Lyton ku Balaka, kuti bamboyo adziputira okha matenda, ndipo iye sajomba shifiti ngakhale imodzi kuti awadwazike.

Belu la pakhomo linalira. Anali a Thompson, oyeza mpweya wa m'nyumba, omwe namwino wa a Lyton anawalangiza kuti awaitane. Timakina tawo tinali titakhala m'nyumbamo miyezi itatu, ndipo lero anabwera ndi zotsatira.

"Radoni ndi mpweya wochokera m'nthaka," anatero a Thompson. "Suoneka, sununkha. Ukachuluka umawononga mapapo pang'onopang'ono, ngakhale a munthu wosasuta."

Asimenye anatsonya. "Awa apeza pobisala."

"Muyezo ukafika 200 timati pachitike kanthu. Pabalaza panu ndi 90. Kuchipinda kwanu kumwamba ndi 40. Inu muli bwino, mayi."

"Mwamva?" Asimenye analoza amuna ake ndi chala. "Nyumba ilibe mlandu. Tulutsani fodyayo, bodza latha."

A Thompson anatembenuza pepala. "Koipa n'kuchipinda cha pansi pa nthaka kokha, 1,900. Koma kumeneko n'kosungira katundu, munthu amangolowa n'kutuluka. Palibe amagonako, eti?"

A Lyton anazyolika. Asimenye anayang'ana chitseko chotsikira kuchipinda cha pansicho. Ndi iye amene anatsitsira matiresi a amuna ake kumeneko tsiku lina atakangana, n'kukiya chitseko cha kuchipinda kumwamba. Panali patapita zaka khumi ndi chimodzi a Lyton akugona kumeneko.