Maenivelopu a Pansi pa Tebulo

Tebulo linagwedezeka, tiyi n'kutayika pafupi ndi laputopu. A Dr. Onesimo Mulipa anatenga enivelopu imene inafika dzulo lake n'kuitsendera pansi pa mwendo wa tebulo umene unadyedwa ndi chiswe. Inali enivelopu ya nambala 12. Onsewo anali pansi pa mwendo womwewo, osatsegula.

"Bambo a Chancy, mwana uja amachita kukwera minibasi mpaka kuno ku Chilomoni kudzakupatsani zimenezo," anatero akazi awo, mayi Petronela, akupukuta tiyi.

"Amabwera kudzandionetsa kuti wandiposa."

Mwana ankanenedwayo anali Dr. Tiyanjane Nakoma, amene a Mulipa anamuphunzitsa okha sayansi ya makemikolo a m'thupi. Onse awiri ankafufuza za poizoni wa chuku cha mu mtedza. Pepala la kafukufuku wake likangosindikizidwa, Tiyanjane ankabweretsa kope, n'kulipereka ndi manja awiri.

Kuyunivesite sayang'ana imvi. Amawerenga kuti akatswiri ena atchula kangati mapepala ako polemba awo, ndipo nambalayo imaoneka pa intaneti. Kuti munthu akhale pulofesa pankafunika 100. A Mulipa anali ndi mapepala asanu ndi limodzi, akalekale, ndipo kwa zaka zambiri nambala yawo inaima pa 31 ngati wotchi yakufa. Zaka zinayi zapitazi inayamba kukwera mpaka 103.

"Azungu andizindikira tsopano," ankatero. Sankavutika n'kuona kuti owatchulawo ndani. Nambala ndiyo inali ndi ntchito.

Ya Tiyanjane inali 940. Mpando wa pulofesa unali umodzi, ndipo onse awiri anaufunsira.

M'mawa uliwonse a Mulipa ankayamba ndi nambala ya Tiyanjane, yawo pambuyo. Ikakwera ndi ziwiri, tiyi ankawawa. Wailesi itamufunsa mafunso Tiyanjane, iwo anachotsa mabatire. Mwana amene sankadziwa ngakhale kutsuka mabotolo a mulabu! Wakhala liti katswiri?

Loweruka lina a Mulipa analemba kalata yopanda dzina yopita kwa akuluakulu a yunivesite ndi kwa osindikiza mapepala. Anati mtedza umene Tiyanjane ankati anagula mumsika wa Ndirande sanauyeze konse, manambala onse anangopeka. Anailemba mwaluso, poti ntchitoyo ankaidziwa.

"Mukulembera ndani mukumwetulira choncho?" anafunsa mayi Petronela.

"Za kuntchito. Simungazimve."

Patapita miyezi itatu, mapepala onse 12 a Tiyanjane anachotsedwa pa intaneti kudikira kuti nkhaniyo ifufuzidwe. Dzina lake linachotsedwanso pa ofuna mpando. Kuchipata kwa a Mulipa sikunabwerenso enivelopu.

Tsiku lokaonekera kwa akuluakulu, a Mulipa anavala suti yotuwa ija amavala pa maukwati. Panalibenso wopikisana naye. Chinangotsala n'kusindikiza tsamba losonyeza nambala yawo. Anakhala patebulo, natsegula laputopu.

31.

Anapukuta magalasi. Anazimitsa laputopu, nayatsanso. Anadzudzula netiweki ya ku Chilomoni, natuluka panja atanyamula laputopu m'mwamba ngati mbale ya chopereka. Atabwerera, nambala inali yomwe ija.

"Andibera! Ndi mtsikana yemwe uja, wandibwezera chifukwa cha kalata ija!"

"Kalata iti?" anafunsa mayi Petronela.

A Mulipa anamenya tebulo ndi chibakera, mwendo uja n'kutsetsereka, maenivelopu n'kumwazika pansi. Mayi Petronela anatola imodzi, naing'amba ndi chala. Chingerezi cha mkatimo sanalimbane nacho. Anapita kutsamba lomaliza, kumene wolemba amandandalika akatswiri amene watsamira pa ntchito yawo.

"Mulipa, Mulipa, Mulipa," anawerenga, mpaka kasanu ndi kamodzi. Anang'amba ina, chimodzimodzi. Onse 12, chimodzimodzi.

"Azungu anu aja ndi awa, bambo a Chancy. Vulani sutiyo, mukhale pansi, mulembe kalata ina yotsutsa yoyambayo, yokhala ndi dzina lanu. Ndipo mwana akakubweretserani chinthu ndi manja awiri, muzitsegula."